Makilo Atatu a m'Sutikesi ya Mkulu wa ku Chipata

M'nyumba yathu ya ku Fereej Bin Omran, kutsidya kwa nyanja kumene tinkagwira ntchito, tinkakhalamo anthu khumi ndi anayi, ndipo panali lamulo limodzi lomwe aliyense ankalisunga popanda womukumbutsa. Munthu akamapita kumudzi ku holide, makilo otsala m'sutikesi yake sankagulitsa, ndiponso sankapatsa mnzake kumbali. Ankawalengeza, ofuna kutumiza katundu kwawo n'kuwalimbirana pa makadi. Lamuloli linabadwa ndi ndewu. Ine ndisanafike, amuna awiri a ndevu zawo anagwirana pakhosi m'khitchini mpaka kuthyola chitseko cha firiji, nkhani yake malo a nsapato m'chikwama cha munthu wachitatu. Kuyambira tsiku limenelo anagwirizana kuti makadi ndiwo azigamula, poti makadi alibe m'bale.

Ndalama sizinkafika pa tebulo limenelo. Kumeneko njuga ndi mlandu woti ungakukwezetse ndege usanatsanzike ndi munthu, choncho tinkasewera ndi zivindikiro za mabotolo a madzi, zomwe m'dziko lotentha chonchija sizisowa. Masewero ake anali Omaha. Anawabweretsa ndi mkulu wina wa ku Chipata, wosunga katundu m'sitolo ya hotela ina, yemwe tonse tinkangowaitana kuti mdala. Aliyense amalandira makadi anayi m'manja. Pa tebulo pamagwa asanu a tonse: atatu nthawi imodzi, kenako limodzi, kenako lomaliza. Umaphatikiza awiri a m'manja ndi atatu a patebulo, wamphamvu n'kukokera zonse kwake, ndipo sungabetche zoposa zomwe zaunjikana kale pakati, mu poto. Kumva kokha n'kosavuta, koma ine zinandiliza chaka chathunthu.

Ndinali mlonda pa nsanja ina ya maofesi ku Al Dafna, maola khumi ndi awiri chiimire pa khomo lagalasi, kupereka moni kwa anthu omwe sankandiona n'komwe. Mwina n'chifukwa chake ndikakhala pa makadi ndinkafuna kuti ndioneke. Ndikalandira abwino ndinkakweza, ndiye kuti kuponya zivindikiro zambiri pakati makadi a patebulo asanatsegulidwe. Apo panalibe vuto. Vuto linkabwera atatu oyamba aja akagwa, omwe timawatcha fulopu. Pamenepo maso onse amatembenukira kwa amene anakweza uja: kodi apitiriza kubetcha, kapena agogoda tebulo kuti zimudutse? Kupitirizako mdala ankakutcha si-beti. Ine ndinkapitiriza nthawi zonse. Kaya fulopu yandikomera, kaya yandilavulira kumaso, dzanja linkangopita lokha. Kwa ine kukweza kenako n'kugogoda kunali kulengeza pagulu kuti ndine wamantha.

Anthu sanachedwe kundidziwa. Ankangokhala phee kundidikira, ngati nkhuku yodzipereka yokha kwa mwini mpeni. Makilo ndinawaluza kawiri m'njira imeneyi. Koyamba ndinali nditamulonjeza mwana wanga wamkazi diresi ya Khirisimasi, kachiwiri wotchi. Zonse ziwiri zinatsala m'lokala yanga mpaka ndinazitumiza pa kago, n'kukafika nyengo yake itapita. Zitatero kawiri, mwanayo anasiya kufunsa. Kusafunsako kunandiwawa kuposa akanati andilalatire.

Chaka chimenecho anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Ndinalira m'chimbudzi cha kuntchito, sindibisa. Tsiku lopuma ndinakwera sitima ya metro kupita ku masitolo a ku Old Airport, ndinagula nsapato zakuda zachikopa, chikwama cha mabuku, nsalu ziwiri zoyala pabedi ndi tochi. Wina anganene kuti bwanji osangotumiza ndalama mayi ake akagule ku Lilongwe. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo mwanayo ankandidziwa ngati meseji yolowa mu foni ya mayi ake. Ndinkafuna akalowe pa geti ya sukulu atavala chinthu chomwe bambo ake anachigwira ndi manja awo. Ndinalephera kudzigwira, ndinamuonetsa nsapatozo pa vidiyo. Anangoti, "Chabwino, adadi," mawu opanda mchere, a munthu woti nyimbo imeneyi anaimva kale. Sukulu inali kutsegulira pakatha milungu iwiri, kago imatenga miyezi, ndipo munthu yekhayo wopita kwathu anali mdala, amene ankatsikira ku Lilongwe chifukwa Chipata ili pafupi kuchokera kumeneko. Atayeza sutikesi yawo anapeza kuti mwatsala makilo atatu.

Miyezi ingapo m'mbuyomo mdalayo anali atandikhazika pansi. Ankasita yunifomu yawo m'khonde, ine ndikudandaula kuti makadi amandida.

"Makadi sakuzonda, mwana wanga, problem yako ni pride," anatero osakweza mutu. "Ukakweza usanaone flop, poto uja sunamukwatire. Wangomupatsa moni. Manje iwe ufuna kulipira lobola pa moni."

Ndinafunsa kuti nanga munthu amadziwa bwanji poyenera kupitiriza.

"Werenga anthu first. Ngati akulondola ni atatu, ndiye makadi twelve akuyembekeza iwe. Mmodzi wagunda, sure. Ndiye yang'ana tebulo. Yakagwa makadi yogwirana manja, nine, eight, seven, olo ya mtundu umodzi, gogoda chabe, olo uli na ma-ace." Anatembenuza malaya, n'kuwaza madzi pa kolala. "Koma mukatsala awiri, tebulo yauma, ace olo king ili yekha pamwamba, iyo ni yako. Unakweza ndiwe, mnzako aganiza uli nayo. Betcha."

"Nanga ngati ndilibe kanthu?"

"Makadi yako aona ndani?"

Ndinayamba kugogoda. Poyamba zinkandiwawa ngati kumeza mankhwala opanda madzi, koma ndinazolowera, ndipo zivindikiro zinayamba kuchedwa kutha pamaso panga.

Amene anaona kusinthako msanga anali mnzanga wa ku Dedza. Tinkagona chipinda chimodzi, iye bedi la pansi ine la pamwamba, ndipo tinkalondera nsanja imodzi, iye pa geti ya magalimoto. Munthu wofatsa, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Ndinadwalapo malungo a kutentha sabata yathunthu, iye ndi amene ankandiphikira phala ndi kundichapira yunifomu. Mkazi wake anali woyembekezera, mimba yoyamba patatha zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati ndi manong'onong'o a achibale, ndipo masiku anali atayandikira. Anali atagula bulangete lachikasu lofewa, tizovala, tizipewa ndi tisokosi, zonse zili m'jumbo pansi pa bedi lake. Nayenso ankawafuna makilo atatu aja. Tsiku lina m'basi yopita kuntchito anandigunda ndi chigongono n'kunena kuti, "Aise, wasintha. Masiku ano ukabetcha pa flop ine ndimangotaya, ndimadziwa kuti uli nazo." Ndinaseka. Koma mawuwo sindinawataye, ndinawasunga penapake.

Tinasewera Lachisanu masana, titadya. Sabata imeneyo tinali a shifiti ya madzulo, basi ya kampani inkabwera cha m'ma hafu folo, choncho tinagwirizana kuti ikangoliza hutala, yemwe ali ndi zivindikiro zambiri watenga makilo. Tinali anayi: ine, mnzanga wa ku Dedza, dalaivala wina wa ku Lusaka wapakamwa ngati wailesi, ndi bambo wina wa ku Mchinji wotsuka magalasi a nsanja, yemwe tsiku lonse ankatha kulankhula mawu asanu. Mdala ankagawa makadi, poti sutikesi inali yawo. Tinakhala m'chipinda chathu, katebulo pakati pa mabedi, chitseko chokhoma, thaulo lili pafupi loti tivundikire makadi wa kampani woyendera nyumba akagogoda. Panja msewu unali zii, dzuwa likuwotcha ngakhale mthunzi. Eyakoni inkalira ngati chigayo koma thukuta linkanditsika m'khwapa.

"Yala, yala, mudala, gawani, time ilibe," anatero wa ku Lusaka. "Lelo nizamudya boss wa si-beti."

Patadutsa ola ndinalandira maeyisi awiri, jeki ndi folo pambali. Ndinakweza mpaka pomwe lamulo limalola. Ndinkayembekeza kuti mmodzi kapena awiri athawa, koma onse atatu ananditsatira, mmodzimmodzi, osaphethira n'komwe. Mdala anatsegula fulopu: naini, eyiti, seveni, awiri mwa iwo a mitima.

Ndinali woyamba kulankhula. Maeyisi aja, omwe mphindi yapitayo anali mafumu, tsopano anali mapepala awiri okongola. Ndinkadziwa zimenezo m'mutu, koma dzanja silinkadziwa. Linali litafika kale pa mulu wanga, zala zikuwerenga zokha. Mawu akale aja anabwera: wayamba ndiwe, malizitsa, akuona. Wa ku Lusaka anali atatsamira khoma, akumwetulira ndi theka la pakamwa.

"Manje, boyi? Tikuyembekeza. Olo dzanja yadwala?"

Ndinamva kutentha kumaso. Munthu ameneyu ndinkafuna kumutseka pakamwa ndi poto yense. Ndinayang'ana makadi khumi ndi awiri ogona chafufumimba m'manja mwa anthu atatu, ndinakumbukira nsapato zili m'lokala kumbuyo kwangaku, ndinachotsa dzanja pa mulu n'kugogoda tebulo kawiri.

Wa ku Lusaka anaseka mokweza, n'kubetcha zonse zomwe poto ankalola. Wa ku Mchinji anakankha mulu wake wonse. Mnzanga anataya. Ine ndinawayang'ana maeyisi anga komaliza ndi kuwataya, mtima ukuwawa ngati ndataya nyama m'dothi. Atatembenuza, wa ku Lusaka anali ndi jeki ndi teni, makadi asanu otsatizana, wa ku Mchinji manaini atatu. Ndikanabetcha ndikanalowa pakati pa njovu ziwiri. Makadi awiri otsala sanasinthe kanthu, ndipo wa ku Mchinji anadzuka, anapukuta manja pa thalauza, n'kutuluka mwakachetechete.

"Halasi, zatha, mmodzi wapita," anatero wa ku Lusaka, akukokolola zivindikiro ndi manja onse awiri.

Sizinakhalitse kwa iye. Pakamwa pake panamudyetsa, anayamba kulowa paliponse, ndipo mnzanga wa ku Dedza anamudula kawiri motsatizana, kachiwiriko ndi masipedi asanu. Pofika folo koloko dalaivalayo anali ndi kamulu koti n'kubisa m'chikhatho, ndipo anali atasiya nthabwala. Mnzanga anali patsogolo, ine pambuyo pake pang'ono. Aliyense ankaba kuyang'ana wotchi ya pa foni ya mdala yomwe inali pa bedi. Mnzangayo anayamba kusewera mosamala, kutaya msanga, kuteteza zomwe anali nazo. Sindikanamunena, inenso ndikanatero.

Itadutsa folo ndi mphindi khumi ndinalandira kwini, jeki, teni ndi naini. Makadi abwino mu Omaha, ogwirana, oti fulopu ikawakomera amagwetsa nyumba. Ndinali womaliza kulankhula pa ulendo umenewo, malo abwino kuposa onse chifukwa umaona kaye zomwe anzako achita. Ndinakweza mokwanira. Wa ku Lusaka anatukwana m'chinenero cha kwawo n'kutaya. Mnzanga anayang'ana makadi ake, anayang'ana wotchi, anayang'ananso makadi, kenako anawerenga zivindikiro n'kuzikankhira pakati. Ndinaona nthawi yomweyo kuti mulu wa pakatiwo unali wokwana kutembenuza zinthu. Woutenga ndiye akanakhala patsogolo.

Mdala anatsegula. Eyisi ya maluwa, sikisi ya madaimondi, thuu ya mitima.

Ndinalibe kanthu. Osati kanthu kochepa, koma kanthu n'komwe: palibe khadi langa lomwe linagwirizana ndi la patebulo, ndipo panalibe khadi limodzi lomwe likanabwera n'kundipulumutsa. Mnzanga anagogoda.

Sindidziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji, mwina theka la mphindi. Zonse zomwe mdala ananena m'khonde muja zinali zitafola pamaso panga. Tinatsala awiri. Tebulo linali louma, makadi atatu osadziwana, a mitundu itatu. Eyisi inali yokha pamwamba, ndipo wokweza ndinali ine, munthu amene aliyense amayembekeza kuti ali ndi maeyisi kapena eyisi ndi kingi. Komanso ndinkamudziwa mnzangayu kuposa momwe ndinkadziwira mkazi wanga zaka zimenezo. Akakhala ndi makadi amphamvu ankatenga botolo n'kumwa madzi pang'ono, kudzibisa. Botolo linali pambali pa phazi lake, sanalikhudze. Miyezi yonse ija yomwe ndinkagogoda ndi kumeza malovu inali itandigulira mphindi imodzi imeneyi. Ndikagogoda, khadi lotsatira likagwa iye abetcha, ine nditaya, ndipo nthawi yotsalayo sikanandikwanira kumupeza.

Ndiye maso anga anatsikira pa botolo lija, ndipo kumbuyo kwa chidendene chake, pansi pa bedi, jumbo inali itatseguka pang'ono. Kansonga ka bulangete lachikasu kanali panja.

Ndikanakonda kunena kuti sindinakaone. Ndinakaona bwinobwino. Ndinaganiza za mkazi amene ndinkangomudziwa mawu pa foni, wakhala pa khonde ku Dedza miyendo itatupa. Ndinaganiza za phala lija. Ndipo ndinaganiza za "Chabwino, adadi." Chimene chinandiopsa kwambiri n'choti mutu wanga sunaime, unkapitiriza kuwerengera modekha ngati kalaliki. Ndikabetcha zonse zomwe poto akulola ndioneka ngati ine wakale uja, wofuna kuopseza. Munthu amene alidi ndi maeyisi atatu pa tebulo louma chonchi safuna kuthamangitsa mnzake, amabetcha pang'ono kuti amukokere mkati.

"Mdala, mu poto muli zingati?" ndinafunsa. Mawu anatuluka osanjenjemera, ndipo ndinadabwa nawo.

Anawerenga ndi chala chimodzi n'kunditchulira.

"Half," ndinatero, ndi kukankha zivindikiro pang'onopang'ono.

Mnzanga sanayang'ane makadi ake. Anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana eyisi ya patebulo, ndinawerenga masamba a duwa lake, atatu, ndinawerenganso. Eyakoni inkadontha madzi m'chidebe, tho, tho. Panja galimoto inadutsa, tonse tinatchera khutu, sinali basi. Thukuta linayenda kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno ndipo sindinayerekeze kudzikanda. Akanangoti atsatire, ndinali nditatha. Khadi lotsatira ndikanalibe chobetcha nacho china koma bodza lalikulu kuposa loyambali, ndipo sindikudziwa ngati ndikanalikwanitsa.

"Aise, uli nayo?" anafunsa motsitsa.

"Pa tebulo sitifunsana," anatero mdala.

Anapumira m'mwamba. Anayamba kudzilankhulira yekha, monga ankachitira akamawerengera ma overtime. "Ace ndili nayo. Koma inzake ndi zinyalala. Uyu wakweza, wabetchanso. Ndi ace-king ameneyu, kapena ma-ace awiri otsalawo ali kwa iyeyu. Ndikalowa apa ndiluza zonse." Anayang'ana wotchi. "Time ilipo, two hands, three hands." Anasolola khadi limodzi n'kulitembenuza kuti ndilione, eyisi ya masipedi, kenako anaponya onse anayi pakati.

"Tenga. Iwe masiku ano sunama."

Ndinakankhira makadi anga kwa mdala chafufumimba. Powasonkhanitsa, chala chawo chachikulu chinatukula ngodya pang'ono, mwachizolowezi cha ogawa. Anawaona. Nkhope yawo sinasinthe, sanandiyang'ane, anangowalowetsa pakati pa anzawo n'kuyamba kusakaniza. Ndinakokera zivindikiro kwanga ndipo zina zinagwa pansi.

Tinasewera maulendo awiri ena. Onse awiri ndinataya makadi ndisanawaone bwino. Mnzanga anakweza kawiri konse n'kutola tochepa tomwe tinali pakati, ndipo ndinkaona mulu wake ukukwera kundilondola. Mdala anali akugawa ulendo wachitatu pamene hutala inalira panja, kawiri, mwaukali monga mwa masiku onse. Tinawerenga. Ndinamuposa ndi zivindikiro zinayi.

"Mabruk, boyi," anatero wa ku Lusaka akuvala nsapato, kundiyamikira m'chinenero cha dziko lomwe tinalimo. "Wakula."

Mnzanga anandigwira chanza, anakankhira jumbo ija mkati ndi phazi, n'kutenga chipewa chake cha yunifomu.

M'basi tinakhala limodzi monga mwa nthawi zonse. Nsanja za ku Al Dafna zitayamba kuonekera m'chifunga cha fumbi, anatembenuka.

"Tandiuza, unali ndi chiyani?"

Masewero anali atatha. Apa panalibenso poto, panalibe mdala woti anene kuti sitifunsana. Ndikanatha kuseka n'kumuuza kuti aise ndakuba masana dzuwa likuswa mtengo, iye akananditukwana, mwina osandilankhula masiku awiri, n'kutha.

"Ma-ace awiri," ndinatero.

Anatseka maso n'kugwedeza mutu. "Ndinadziwa. Ndiye bola, ndinachita bwino kutaya." Anatsamira zenera, ndipo nkhope yake inamasuka ngati munthu amene dokotala wamuuza kuti sichinali chifukwa chake.

Za kubetcha kuja sindipepesa, ndipo amene akufuna kundiweruza ayambe wakhala pa katebulo kaja. Ndinasewera momwe masewerowo amafunira. Aliyense amene anakhala pansi tsiku limenelo ankadziwa kuti munthu amaloledwa kubetcha alibe kanthu, ndipo mnzangayo akanakhala pa malo anga, ndi makadi anga, mdala akanamuuza kuti abetche. Koma za m'basi zija sizinali Omaha. Ndakhala ndikudziuza kuti ndinamunamiza pomumvera chisoni, kuti asadzidye mtima poganiza kuti anataya makadi opambana. Mbali ina ndi zoona. Mbali yaikulu n'njoti ndinkafuna apitirize kundiona momwe ankandionera, ndipo ndinachita manyazi shifiti yonse, chiimire pa khomo lagalasi lija.

Mawa lake masana tinayeza katundu. Sikelo yake inali yokoleka, yofuna munthu wamphamvu kuinyamula m'mwamba, ndipo amene anadzipereka kuigwira anali mnzanga yemweyo. Katundu wanga anapitirira pang'ono. Tinachotsa bokosi la nsapato, tinachotsa mapepala a m'chikwama ndi katoni ka tochi, tinayezanso.

"Patsala hundred grams," anatero mdala. Anandiyang'ana m'maso koyamba chichokereni pa tebulo paja, ndipo sanachotse maso msanga.

Lamulo la nyumba linkaletsa mwini sutikesi kugawa makilo, koma wopambana ankatha kuchita zomwe wafuna ndi makilo ake. Ndinamuuza mnzanga kuti abweretse kenakake kopepuka. Anakana kaye, ndinaumirira, ndipo anakatenga jumbo yonse n'kuikhuthulira pa bedi. Anatenga nthawi yaitali. Ananyamula bulangete, analiyeza m'manja, analibweza. Ananyamula kadiresi, anakabweza, poti sankadziwa ngati adzakhale wamkazi kapena wamwamuna. Pomaliza anasankha kachipewa koyera ndi tisokosi tiwiri. Tinatilowetsa m'kati mwa nsapato za mwana wanga, sikelo inaima pa makilo atatu ndendende.

Mdala ananyamuka Lamlungu. Lolemba mkazi wanga anakumana nawo m'tauni, ndipo madzulo a tsiku lomwelo foni yanga inalira ndili m'chipinda chosinthira zovala kuntchito. Anali mawu ojambula a mwana wanga. Ankaseka, akulankhula mothamanga mpaka mawu kupunthwana: zafika, zamukwana, chikwamacho chili ndi matumba asanu, mayi ake akumuletsa kuzivala m'nyumba koma iye wavala. "Adadi, zikununkhira sitolo ya kumeneko!" Ndinamvetsera katatu nditakhala pa benchi. Ndinasangalala ndi mtima wanga wonse, ndipo sindinamizira kuti chisangalalocho chinali ndi chilema.

Lachitatu, nthawi yopuma, mnzanga anabwera kuchokera ku geti yake akuthamanga, foni ili m'manja. Mlamu wake anali atakatenga tinthu tija kwa mkazi wanga n'kutifikitsa ku Dedza.

"Aise, madam akufuna akulankhule. Ndawauza zonse, kuti unawina mwachilungamo koma unatiganizira."

Ndinati ndili pa ntchito, ndidzalankhula nawo tsiku lina. Anandiika foniyo m'manja.

Pa vidiyo panali mayi wamng'ono thupi, nkhope yotopa, atakhala pa mkeka mimba ili patsogolo. Kachipewa koyera kaja anali atakaveka pa chibakera chake kuti ndikaone. Anayesa kugwada pomwe anakhalapo, zinakanika, anaseka, n'kuwomba m'manja mwaulemu foni ataitsamiritsa penapake.

"Achimwene, ndilibe mawu. Akuti malo anali ochepa koma munachotsa zanu kuti mwanayu asabwere opanda kanthu kochokera kwa bambo ake. Bulangete tibwereka kwa achemwali, musadandaule. Anthu ngati inu ndi osowa kunja kuno. Mulungu akudalitseni, akusungireni ana anu."

Anapitiriza choncho nthawi yaitali. Mnzanga anaima pambali panga akumwetulira, dzanja lake lili pa phewa langa. Ndinkafuna foniyo ithe moto, netiweki iduke, bwana andiitane, chilichonse. Palibe chinachitika. Mayiyo atamaliza anadikira kuti ndiyankhe.

"Musathokoze, mlamu," ndinatero. "Chonde, musathokoze."

Mayiyo anaganiza kuti ndi ulemu, ndipo anayambiranso.